Nyumba imodzi, makoma osadziwana

Mukalowa m'nyumba zambiri za ku Chikamveka kuno ku Zomba, mutha kuwerenga mbiri ya thumba la mwini wake pa makoma. Pabalaza ndi papinki, chifukwa chaka chimenecho kunali chinkhoswe cha mwana woyamba ndipo alendo amayenera kufikira pooneka bwino. Mukolido muli kirimu wotsala kwa alamu amene ankamaliza nyumba yawo ku Matawale. Chipinda cha anyamata ndi chabuluu poti tsiku logula penti mu hadiweya munali buluu yekha wotsika mtengo. Kukhitchini kukadali pulasitala wosapenta amene utsi wamudetsa. Palibe chipinda chimene chili choipa pachokha. Koma taimani pakhomo zitseko zonse zili zotsegula: maso amasowa potera. Zimakhala ngati kwaya ya anthu a mawu okoma, koma aliyense wayamba nyimbo yake.

Ena amafulumira kunena kuti eni nyumba zoterezi alibe diso. Ine ndimakana. Vuto ndi kamangidwe kathu. Timaumba njerwa chaka chino, kugula malata chaka chamawa, kulowa m'nyumba mawindo atatsekedwa ndi makatoni, ndipo penti amabwera kumapeto, chitini chimodzichimodzi, mwezi umene fizi ya ana yatipatsako mpata. Malangizo a kakongoletsedwe ka nyumba amene timaona pa Facebook ndi m'magazini akunja amalembera munthu amene apente nyumba yonse sabata imodzi. Funso lathu ndi lina. Kodi nyumba yopentedwa zaka zisanu, chipinda ndi chipinda, ingatani kuti ioneke kuti ndi ya banja limodzi?

Yankho loyamba ndinaliona ndili mwana, kwa agogo anga aakazi, ngakhale nthawiyo sindinkadziwa kuti ndi yankho. Mvula ikatha, iwo ndi anzawo ankapita kudambo ndi madengu kukakumba tsiro. Pansi ankazira ndi dothi lakuda, makoma ndi loyera, ndipo m'munsi mwa khoma ankazunguliza lamba wa katondo wofiira. Dothi lomwelo linkafika pakhonde, pakhitchini ya panja, mpaka pa nkhokwe. Mphasa, mtondo, mbiya ndi udzu wapadenga zonse zinali za mtundu wa nthaka ndi mitengo ya pamalopo. Palibe chinkatsutsana ndi chinzake. Sikuti agogo anaphunzira luso la mitundu kusukulu. Mitundu imene anali nayo inali itatu basi, ndipo kuchepako ndi kumene kunkamanga bwalo lonse pamodzi.

Chinenero chathu chimachitira umboni. Mawu a mitundu amene Chichewa chimadalira kwambiri ndi atatu: kuyera, kuda ndi kufiira. Ena ambiri timabwereka ku zinthu, monga chikasu, phulusa, khofi, mtambo ndi kubiriwira kwa msipu, kapena ku Chingerezi, monga buluu, pinki ndi olenji. Akatswiri awiri a ku America, Brent Berlin ndi Paul Kay, anaonetsa m'buku lawo la mu 1969 kuti zinenero zimene zili ndi mawu atatu okha a mitundu zimakhala ndi atatu omwewa. Ku Chongoni m'boma la Dedza, kumene UNESCO inakuika pa mndandanda wa malo osungidwa a dziko lonse mu 2006, zojambula za pamiyala ndi zofiira ndi zoyera. Kwa zaka mazanamazana diso la munthu wa kuno linazolowera mitundu yochepa yobwerezedwa. Lero mulowe m'sitolo yogulitsa Dulux, Plascon kapena Rainbow, akupatsani tchati cha timabokosi tochuluka kuposa masiku a pachaka, tina ta maina amene ngakhale wogulitsayo sangawatchule. Munthu amaloza kamene kamukopa tsikulo, ndipo pakatha miyezi isanu ndi itatu amadzaloza kena.

Choncho poyambira si pa tchati. Poyambira ndi pa zinthu zimene zili kale m'nyumba ndipo sizidzasintha msanga. Chachikulu ndi pansi. Anthu ambiri saona pansi ngati mtundu, chonsecho simenti yofiira ya okusayidi, yopukutidwa ndi Cobra Loweruka lililonse mpaka kumaoneka nkhope, ndi mtundu waukulu kwambiri m'nyumba yonse, ndipo umalowa m'chipinda chilichonse popanda kuodira. Pansi pofiira pamagwirizana ndi kirimu, zoyera zopendekera ku chikasu, mtundu wa mchenga ndi zobiriwira zofatsa. Muikepo khoma lapinki, ziwirizi zimalimbana ngati akazi a pamitala. Amene anaika matailosi ali ndi mwayi ndi tsoka lomwe: tailosi yoyera kapena yotuwa imalola mitundu yambiri, koma ndaona nyumba ya zipinda zinayi yokhala ndi matailosi a mitundu inayi, chifukwa pobwerera kusitolo mtundu woyamba unali utatha. Ngati pali chinthu chimodzi choyenera kudikira mpaka ndalama zitakwana zogulira nyumba yonse kamodzi, ndi matailosi. Khoma mudzalipentanso, tailosi mudzakalamba nayo.

Kenako matabwa. Zitseko ndi mipando ya paini, amene amachokera m'nkhalango za paphiri pathupa, zikapakidwa vanishi zimapita ku chikasu. Mbawa imafiirira. Mlombwa umakhala wakhofi wowala. Nawonso ndi mitundu, ndipo kabati ya mbawa imene munalandira paukwati idzakhala pabalazapo nthawi yaitali kuposa penti aliyense. Kunja, denga ndi limene limalamula. Malata a IBR obiriwira, ofiira kapena abuluu amaonekera patali, makamaka kuno kumene nyumba zili pamtsetse ndipo wa kumtunda amaona denga lanu asanaone khoma. Munthu wofolera ndi buluu wasankhiratu theka la maonekedwe a kunja kwa nyumba yake, afune asafune.

Zomba ali ndi chitsanzo chimene timadutsa tsiku ndi tsiku osachiyang'ana. Tawuniyi inali likulu la dziko kuyambira 1891 mpaka 1975, ndipo nyumba zakale za boma zimene zili m'munsi mwa phiri zimaoneka za mtundu umodzi ngakhale zinamangidwa zaka zosiyana: njerwa zofiira kapena makoma oyera, malata opentedwa, makonde aakulu, ndi kubiriwira kwa mitengo kumbuyo. Nsanja ya chikumbutso cha asilikali a KAR pafupi ndi Cobbe Barracks ndi ya njerwa yosapenta. Nyumba zoyamba za Chancellor College, imene inasamukira ku Chirunga mu 1973, nazonso zinadalira njerwa. Sindikuti tizisirira atsamunda. Omanga aja anali ngati agogo anga pa mfundo imodzi yokha: anali ndi mitundu yochepa, ndipo waukulu mwa iyo unachokera m'dothi la pompano.

Chinthu china chimene sichigulidwa m'sitolo ndi kuwala. Penti alibe mtundu umodzi tsiku lonse. Amasintha ndi dzuwa. Ife tili kumwera kwa dziko lapansi, choncho miyezi yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto. Chipinda cha windo loyang'ana kumpoto chimalandira dzuwa mu Juni ndi Julayi, pamene choyang'ana kumwera chimakhala mumthunzi nthawi yonseyo. Onjezani phiri limene limabisa dzuwa lamadzulo msanga, ndi chiperoni chimene chimatha kukuta tawuni masiku atatu osaona thambo. Ndiye kwabwera fasho ya makoma otuwa ngati phulusa, imene anthu akuiona pa mafoni. Pachithunzi cha nyumba ya ku Johannesburg ya mawindo aakulu ngati zitseko imaoneka yapamwamba. Muibweretse m'chipinda cha windo limodzi loyang'ana kumwera ku Chikamveka, m'mawa wa Julayi, mudzamva ngati mwagona m'thanki ya simenti. Ngati mtima wakakamira pa phulusa, sankhani lopepuka ndi lopendekera ku mchenga, osati ku buluu.

Usiku nawo uli ndi zake. Mababu a LED amene tikugula masiku ano ali pawiri: ena alembedwa 6500K ndipo amawala moyera mopita ku buluu, ena 2700K kapena 3000K ndipo amawala mofiirira ngati nyali. Khoma lakirimu pansi pa babu loyamba limaoneka lodwala. Pansi pa lachiwiri limaoneka lofunda. Nyumba imene pabalaza pali babu la mtundu wina ndi kukolido la mtundu wina imaoneka ya makoma osiyana ngakhale penti atachokera mu ndowa imodzi. Kugula mababu ofanana nyumba yonse ndi njira yotsika mtengo kuposa zonse zimene nditchule pano.

Panali munthu wina wa ku France, Michel-Eugène Chevreul, amene ankayang'anira zonyika ulusi pa fakitale ya nsalu ya Gobelins ku Paris. Owomba nsalu ankadandaula kuti ulusi wakuda umene ankawapatsa sunali wakuda mokwanira. Iye atafufuza anapeza kuti ulusiwo unalibe vuto. Chimene chinkasintha maonekedwe ake ndi mitundu imene unayandikana nayo. Analemba zimenezi m'buku la mu 1839, ndipo mpaka lero opanga nsalu ndi ojambula amazitsata. Kwa ife tanthauzo lake ndi ili: kabokosi ka patchati, kozunguliridwa ndi pepala loyera pansi pa magetsi a m'sitolo, sikangakuuzeni mmene mtunduwo udzaonekere pafupi ndi sofa wanu wamaruni. Komanso mtundu ukafalikira pakhoma lonse umakula mphamvu. Chikasu chimene patchati chinali chofatsa, pakhoma chimakuwa. Gulani kachitini kakang'ono, pakani malo aakulu ngati thireyi pa makoma awiri osiyana, muone m'mawa, masana ndi usiku. Mukakayika pakati pa mitundu iwiri yoyandikana, tengani wopepukawo.

Nanga mitunduyo igawidwe bwanji? Okongoletsa nyumba ali ndi kalamulo kawo ka 60, 30 ndi 10: mtundu waukulu utenge magawo 60 pa 100 a zimene diso likuona, wachiwiri 30, ndipo wowala kwambiri 10 yokha. Si lamulo la sayansi, ndipo palibe amene amayenda ndi tepi kuyeza makatani. Nzeru yake ndi yomwe ija ya mbale ya chakudya: nsima ichuluke, ndiwo zikhale zapakatikati, tsabola akhale wa kunsonga ya supuni. Nyumba zambiri zimene zimatopetsa maso ndi zimene tsabola wasanduka nsima.

Koma kwa munthu wopenta pang'onopang'ono, chofunika kuposa kalamuloka ndi chimene ine ndimachitcha ulusi. Sankhani zinthu zimene zimapezeka m'chipinda chilichonse, ndipo zimenezo zikhale za mtundu umodzi nyumba yonse: siling'i, zitseko, mafelemu, zitsulo za m'mawindo ndi kalamba ka m'munsi mwa khoma. Siling'i ikhale yoyera paliponse. Zitseko zonse zikhale za vanishi, kapena zonse za penti mmodzi. Zikatero, makoma a zipinda zogona atha kusiyana ndithu, mwana wamkazi atenge pinki wake, nyumba idzagwiranabe monga mikanda yosiyana pa chingwe chimodzi. Malo amene amaonekerana, monga pabalaza, podyera ndi kolido, ndi amene ayenera kukhala a mtundu umodzi, kapena mtundu womwewo wina wopepuka wina woderapo. Kuseri kwa chitseko chotseka muli ufulu.

Apa ndi pamene kope limaposa diso. Penti aliyense wa patchati ali ndi dzina ndi nambala. Zilembeni, pamodzi ndi kampani yake ndi tsiku, kumbuyo kwa chitseko cha kabati kapena mukope limene mumasungira malisiti a simenti. "Kirimu" si dzina lokwanira: kirimu wa kampani ina amapendekera ku chikasu, wa ina ku pinki, ndipo akakumana pakona pamaoneka ngati chigamba. Ine ndinaphunzira mowawa. Mmisiri wina anandipentera pabalaza posakaniza yekha penti woyera ndi timabotolo ta tinti, akuyeza ndi maso. Unatuluka mtundu wokongola zedi. Chaka chotsatira nditamuitana kuti apitirize kukolido, ndinamufunsa ngati akukumbukira muyezo. "Bwana, musadandaule, dzanja limakumbuka," anatero. Dzanja silinakumbuke. Mpaka lero pali mzere pamene chaka china chinathera ndi pamene china chinayambira. Ngati mukusakaniza nokha, sakanizani wokwanira malo onse tsiku limodzi mu ndowa yaikulu, ndipo ngati mwagula zitini zingapo za mtundu umodzi, ziphatikizeni musanayambe. Lita imodzi imakuta malo apakati pa masikweya mita 8 ndi 10 ulendo umodzi pakhoma losalala, ndipo khoma limafuna maulendo awiri. Mmisiri akakuuzani kuti malita asanu akwana nyumba yonse, dziwani kuti mpopi uthandizira.

Nthaka ndi nyengo ya Zomba nazo zimapenta nawo nyumba, tifune tisafune. Okutobala amabwera ndi fumbi lofiira, Januwale ndi madontho a m'denga amene amathovutsira matope pakhoma. Lamba wa agogo uja sanali wokongoletsa chabe. Anali wa mtundu wa dothi kuti dothi likagwerapo lisaoneke. N'chifukwa chake masukulu ndi zipatala zimapaka penti wamafuta woderapo m'munsi mwa makoma. Lamba wakunja akatenga mtundu wa denga kapena wa pansi pakhonde, nyumba imaoneka yomangidwa m'chiuno. Ndipo kuno mawu akuti nkhungu ali pawiri: ija yotsika m'phiri m'mawa, ndi ija yomera kuseri kwa wadiropu. Yoyambayo imadyetsa yachiwiriyo. Khoma lachinyezi silisunga mtundu uliwonse, kaya penti ndi wodula chotani. Pulasitala watsopano amafuna pafupifupi milungu inayi kuti aume asanapakidwe kanthu, ndipo amafuna penti woyambira wake. Mukathamanga, mchere woyera umatuluka ndi kusupula khoma ngati nkhanambo. Laimu, amene ena amamuona ngati wa anthu osauka, nkhungu siimukonda ndipo amalola khoma kupuma. Choipa chake n'chakuti amatsalira pa jekete la mlendo amene watsamira khoma.

Pa penti wamafuta pali nkhani imene si ya kukongola. Kwa nthawi yaitali opanga penti m'maiko ambiri ankathira mtovu, makamaka m'mitundu yowala monga chikasu, olenji ndi yofiira. Mtovu umaononga ubongo wa ana aang'ono, amene amagwira makoma ndi kuika zala mkamwa. Muyezo umene mabungwe a WHO ndi UNEP amalimbikitsa ndi wakuti usapitirire magawo 90 pa miliyoni. Kafukufuku amene bungwe la LEEP linachita kuno ku Malawi chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2020 anapeza mtovu wopitirira muyezowu mu penti wamafuta wambiri wa pamsika, ndipo a Malawi Bureau of Standards anayamba kulondoloza opanga penti. Pogula, werengani pachitini ngati palembedwa kuti mulibe mtovu. Popala penti wakale wa pazitseko ndi m'mawindo, nyowetsani kaye kuti fumbi lisauluke, ndipo ana akhale kutali.

Sindingamalize za mitundu ku Malawi osanena kuti mtundu kuno umayankhula. Pentani geti lanu chikasu chowala, anthu a m'dera lino lakummawa ayamba kukupatsani moni wa UDF. Buluu ndi DPP kapena Manoma, olenji ndi PP, chofiira ndi Bullets. Amene ali ndi kagolosale kogundizana ndi nyumba amadziwanso kuti kufiira kwa Airtel kapena kubiriwira kwa TNM kukafika pakhoma lakumsewu, nyumba yonse imasanduka mchira wa chikwangwani. Sindikuletsa munthu kukonda chipani kapena timu yake. Ndingoti mtundu wofatsa pang'ono umapirira zisankho zingapo.

Nanga a lendi, amene ku Chikamveka, Chinamwali ndi Sadzi ndi ochuluka, kuphatikizapo ophunzira a pa yunivesite? Alandilodi anapaka kirimu zaka khumi zapitazo ndipo safuna kumva za bulashi. Apa nsalu ndi imene imagwira ntchito ya penti. Pitani mumsika wa Zomba, sankhani chitenje chimodzi chimene mtima wakonda, ndipo chikhale mphunzitsi wanu. Wojambula chitenjecho anagwira kale ntchito yovuta yogwirizanitsa mitundu itatu kapena inayi. Mtundu wofatsa wa m'chitenjemo ukhale wa makatani nyumba yonse, wachiwiri wa zofunda ndi nsalu za pasofa, wowalitsitsa wa mapilo ang'onoang'ono ndi nsalu ya patebulo. Mukapita pa kaunjika kukasaka makatani, tengani kachidutswa ka chitenjecho m'chikwama. Mkeka, mphasa, madengu ndi mipando ya nsungwi sizikangana ndi mtundu uliwonse, ndipo zikapezeka m'zipinda zingapo zimakhala ulusi uja. Chovuta ndi mphatso: mabeseni, maluwa apulasitiki ndi makapu a mitundu yonse ya utawaleza amene amabwera pa bridal shower. Si zonse zimene ziyenera kukhala pa displeyi. Azakhali akabwera mudzatulutsa zawozo.

Chimandidabwitsa n'chakuti luso limeneli tili nalo kale, koma timalisiya ku holo. Komiti ya ukwati ikanena kuti mitundu ndi iwiri, makhadi, keke, madiresi a operekeza, mataye, maluwa, nsalu ya achibale mpaka maliboni a pagalimoto zonse zimamvera, ndipo wobwera ndi mtundu wachitatu amayang'anidwa ndi diso lofiira. Timatha kugwirizanitsa anthu 300 tsiku limodzi, koma zipinda zinayi zimene tidzakhalemo zaka makumi atatu timazisiyira mwayi.

Wina anganene kuti zonsezi zimathera ku nyumba zozizira, zakirimu kuyambira kugeti mpaka kubafa, ngati ofesi ya boma. Nkhawa imeneyi ndi yoona, ndipo nyumba yotero inenso sindiifuna. Koma onani nyumba za Amandebele a ku South Africa, zimene mayi Esther Mahlangu anazitchukitsa mpaka kampani ya BMW inawapatsa galimoto kuti aijambule mu 1991. Mitundu yake ndi yowala kuposa chilichonse chimene mungapeze ku Chikamveka, koma siisokoneza maso, chifukwa chigawo chilichonse chazunguliridwa ndi mzere wakuda pamwamba pa zoyera, ndipo mizereyo ndi yomweyo khoma lonse. Kuwala kwa mtundu si mlandu. Khoma limodzi lobiriwira kwambiri pabalaza, kumbuyo kwa sofa, limakoma ngati kubiriwirako kukupezekanso pa katani ya kukolido ndi pa miphika ya maluwa pakhonde. Mtundu ukaoneka kamodzi umakhala ngati wasochera. Ukaoneka katatu, aliyense amadziwa kuti mwini nyumba anachita kufuna.

Ambirife timakumbukira penti mu Disembala, alendo a Khirisimasi ali pafupi, mvula ili pakati. Ku Zomba mwezi umenewo khoma siliuma bwino. Ngati mukufuna kupenta chaka chino, yesani mitundu yanu pakhoma mu Ogasiti, lembani nambala zake mukope, ndipo mmisiri agwire ntchito mvula yoyamba isanagwe.